Mfumu Imene Inalemba Buku Isanaliwerenge

Kuseri kwa phiri la Sindinaone, ukangowoloka mtsinje wa Bweranimawa, kuli ufumu wotchedwa Zatonse. Dzinali anapereka ndi makolo pofuna kunena kuti chilichonse cha m'dzikomo ndi cha anthu onse. Koma popeza anthu onse sangakwane m'nyumba imodzi, zinthuzo imawasungira ndi Mfumu Mbiriyanga. Milatho, mijigo, mabwalo a mpira, ngakhale mvula imene yagwa pa nthawi yake, zonsezi zimatchedwa dzina la mfumuyo. Chilala chokha ndiye amawasiyira eni dziko kuti achitche mmene angafunire.

Mumzinda waukulu wa ufumuwo, wotchedwa Ombanimmanja, munkakhala mayi wina dzina lake Velina Kalimbuka, mkazi wa a Zuze, telala wofatsa wosokera pakhonde. Velina ankalemba mabuku a nkhani zachikondi. Lotchuka mwa onse linali Undidikire pa Mlatho, nkhani ya Dafuleni, mnyamata wandevu wa njinga yamoto, ndi Ndaziona, namwali wa kampata kumano. Bukuli linapsereza ndiwo m'makomo ambiri. Anamwino ankaliwerenga, ogulitsa kaunjika ankaliwerenga, ndipo amayi ena a kumpingo ankalikutira ndi nyuzipepala kuti lizioneka ngati buku la nyimbo.

Vuto linali pomwepo. Dzina la wolemba limakhala pachikuto, ndipo mu Zatonse chikuto sichikhalitsa. Buku limodzi limazungulira mudzi wonse. Uyu alikutira, uyu alinyowetsa, wina ang'amba chikutocho nkukolezera mbaula, ndipo likamabwerera kwa amene analigula limakhala lili mbulanda. Tsiku lina Velina akumangitsa tsitsi ku saluni, amayi anzake anamufotokozera nkhani yake yomwe. Atayesa kuwakonza pamene anasokoneza, mmodzi anamuyang'ana mwachifundo nkunena kuti, "Inu achemwali, kawerengeni kaye bukuli ndiye tidzakambirane."

Velina anaseka nawo, koma mumtima zinamupweteka kwambiri. Sankafuna kuimbidwa nyimbo kapena kumangiridwa chipilala. Ankangofuna kuti anthu adziwe kuti Dafuleni ndi Ndaziona anabadwira m'mutu mwake.

Ndiye anaika bukulo pafoni. Kumeneko kunalibe chikuto choti chithothoke, ndipo analemba dzina lake pamwamba pa tsamba lililonse. Sizinathandize kwenikweni, chifukwa anthu ankangotumizirana osamufunsa, ndipo ambiri ankayesa kuti Velina Kalimbuka ndi mayi wokoma mtima amene anayamba kutumiza. Komabe buku la pafoni linayenda, mpaka makina osindikizira mabuku anayamba kugona masana. Mwini makinawo anali mlamu wake wa mfumu. Mu Zatonse mlamu wa mfumu akadandaula, ndiye kuti dziko lonse ladandaula, choncho bwalo la nduna linaitanidwa kuti ligamule ngati buku la pafoni ndi buku.

Velina anaitanidwa kukaimira olemba onse. Anavala chitenje chake chatsopano, nakonza mawu oti akanene, osadziwa kuti kubwalo la Zatonse kuimira anthu kumatanthauza kukhala pabenchi ya kumbuyo nkumaomba m'manja ena akaomba.

Amene anatsogolera nkhani anali a Vomerani, Nduna Yoona za Mabuku, Mapepala ndi Zokulungira. Iwowa anali munthu wophunzira, ndipo anali asanatsutsanepo ndi mfumu chibadwire, ngakhale kumaloto. Analamula kuti abweretse tebulo la mwendo umodzi waufupi.

"Wawa mfumu, mwini dziko," anayamba a Vomerani, "ife a unduna sitikhulupirira zongomva. Tachita kafukufuku."

Anatenga Undidikire pa Mlatho nkuliika pansi pa mwendo waufupi uja. Tebulo linakhazikika, ndipo nduna zinaomba m'manja. Kenaka anapempha kuti wina awabwereketse foni yake kuti ayese chimodzimodzi. Nduna zonse zinayamba kuyang'ana kudenga.

"Mwaona, wawa. Buku la pafoni silichirikiza tebulo."

Anapitiriza choncho mpaka dzuwa kufika pamutu. Buku la pepala linapha mphemvu bwalo lonse likuona. Linakupizira mfumu mphepo. Tsamba limodzi linakulunga mandasi awiri, amene mfumu inadya monga mbali ya kafukufukuyo. Foni ya a Vomerani eni ake inalephera mayeso onsewa, ndipo pamapeto inazima yokha chifukwa kunyumba yachifumu magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake. Za kuwerenga palibe amene anazitchula.

"Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo," anamaliza a Vomerani akupukuta thukuta. "Buku la pafonili, wawa, ndi mphepo chabe."

Mfumu Mbiriyanga inadzuka, nikonza mkanjo wake, nkugamula. Buku la pepala, popeza laonetsa kuti ndi chuma, ndi la anthu onse, choncho lizilembedwa dzina la amene amasungira anthu onse chuma chawo. Buku la pafoni ndi mphepo. Mphepo ilibe mwini, silowa m'bwalo la milandu, ndipo singakhale umboni wa chilichonse.

Velina anadzidzimuka atapezeka kuti waimirira. Pakamwa panatseguka pokha.

"Pepani wawa. Nanga wolembayo?"

Mfumu inamuyang'ana mokoma mtima, monga mmene munthu amayang'anira mwana amene wafunsa kumene dzuwa limagona.

"Mayi, wolemba ndi dzanja. Kodi dzanja likalima, munda umakhala wa dzanjalo?"

Bwalo linaomba m'manja kwa nthawi yaitali chifukwa cha nzeru zimenezi, ndipo Velina anakhala pansi misozi ili chilengelenge.

Posakhalitsa bukulo linatulukanso ndi chikuto cholimba, chosang'ambika ngakhale ndi mano. Pachikutopo panali nkhope ya mfumu itagwira cholembera, ikuyang'ana patali. Pamwambo wolikhazikitsa mfumu inauza mtundu wonse pawailesi kuti inavutika nalo kwambiri bukuli, kuti mawu aliwonse anachokera pansi pa mtima wake, ndipo kuti m'malo ena inkalemba ikulira, nkuyambanso kulira pawailesi pomwepo. Kuliwerenga ndiye inali isanapeze mpata, chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito za boma.

Ku msika wa Tsitsaniko anthu analandira nkhaniyi monga amalandirira zonse. Mayi Nasuluma, ogulitsa tomato amene Velina ankawagula masiku onse, anatembenuza bukulo uku ndi uku.

"Koma a mfumu athuwa ndi obisa luso," anatero. "Munthu amalephera kuwerenga zimene amulembera pamsonkhano, chonsecho ali ndi mabuku m'mimba."

"Mwina amalemba bwino akamalira," anayankha wogulitsa makala wa pafupi. "Tiziwaliritsa kawirikawiri."

Velina anagula tomato wake nkubwerera kwawo. Kunyumba a Zuze anayesa kumutonthoza, phazi lili pamakina. A Zuze ankawakonda akazi awo, koma mabuku awo anali asanatsegulepo ndi limodzi lomwe. Ankati akudikira kuti maoda a mayunifolomu achepe.

"Amayi, dzina sadyera," anatero. "Ine zovala zonse za m'tauni muno ndasoka ndine, koma palibe amene amayenda ndi dzina langa pamsana."

"Koma akamafuna wosoka amabwera pakhonde pano," anayankha Velina. "Ine akandifuna azipita kuti?"

A Zuze analuma ulusi nkupitiriza kusoka.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene nduna zonse zinaiwala, ngakhale zinabadwira momwemo. Anthu a mu Zatonse sakhulupirira kuti pali nkhani yopeka. Kwa iwo munthu safotokoza njira imene sanaipondepo, ndipo ukawauza kuti wangoganiza, amakufunsa kuti unaganiza uli ndi yani. Pamene bukulo linalibe mwini panalibe womufunsa. Tsopano mwini anali pachikuto, nkhope ndi dzina lomwe.

Funso linayambira ku saluni, linadutsa pamsika, nkukafika mpaka kumaliro: kodi Ndaziona wa a mfumuyu ndi ndani? Amayi a kampata kumano anagawikana pawiri. Ena anayamba kuseka atatseka pakamwa ndi chitenje, ena anayamba kumwetulira ngakhale pogula mchere. Anthu ankapita kukaona milatho yonse ya mumzinda nkumatsutsana kuti a mfumu ankadikira pa uti. Mapeto ake munthu wina wachifundo, monga achifundo sasowa, anapereka bukulo kwa Mfumukazi Nangozo, atapinda masamba oyenera.

Mfumukazi inawerenga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mano ake anali othithikana bwino lomwe, opanda ndi kampata komwe. Itatseka bukulo sinakalipe, sinaswe mbale. Inangotuma uthenga kwa ankhoswe.

M'mawa wina galimoto ya kunyumba yachifumu inaima pakhonde la a Zuze, ndipo a Vomerani anatsika okha, nkhope itagwa. Anamupatsa moni Velina ndi manja awiri, namutcha mayi wolemekezeka, nkumupempha kuti akwere kutsogolo. Velina anakwera mtima uli m'mwamba, poganiza kuti mwina buku la pafoni lija lamuika m'mavuto.

Sanamutengere kubwalo la nduna koma kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Mu Zatonse mfumu ikhoza kusintha dzina la mtsinje kapena kuletsa Lolemba, koma pamaso pa ankhoswe imakhala pamphasa ngati mkamwini wina aliyense. Velina anaipeza itakhala pamenepo, yopanda chisoti, miyendo itatambasulidwa, ikuthothola udzu. Mfumukazi inakhala chapatali, buku lili pamiyendo. Pampando panali a Mlongoti, atsibweni ake a mfumu, nkhalamba imene inaitsuka mfumuyo ili khanda ndipo sinkaiopa ngakhale pang'ono.

"Pitirizani, mayi," anatero a Mlongoti kwa Mfumukazi.

Mfumukazi inatsegula pamene inapinda nkuwerenga mosathamanga: "Kuseri kwa khutu lake lamanzere kunali kachipsera kakang'ono, kamene munthu sangakaone pokhapokha atayandikira kwambiri."

Inatseka bukulo.

"Ine ndakhala nawo m'banja awa mpaka ana kukula. Tsiku lina ndinameta tsitsi lonse, iwo anazindikira patapita mwezi. Lero akudziwa za kuseri kwa khutu la munthu. Andiuze anayandikira liti."

"Atsibweni, ndanena kale," inadandaula mfumu. "Bukuli sindinalembe ine. Sindinaliwerenge nkomwe."

"Nkhope ili pachikutoyi ndi ya yani?" anafunsa a Mlongoti.

"Ndi yanga."

"Amene ankalira pawailesi uja ndi ndani?"

"Zija zinali za boma, atsibweni."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, mphwanga. Mayiwa akuti akapanda kumva zoona lero, akupita kwawo, ndipo apita masana, kudutsa pakati pa msika, katundu ali pamutu."

Mfumu inatembenukira kwa Velina ndi maso a munthu amene madzi afika m'khosi.

"Mayi, auzeni. Auzeni kuti munalemba ndinu."

Apa ndi pamene Velina anamvetsa chimene anamuitanira. Mantha aja anasungunuka, ndipo m'malo mwake munalowa kachimwemwe kena kamene anayesetsa kukabisa poyang'ana pansi.

"Wawa, ine ndine dzanja chabe," anatero mwaulemu wonse. "Dzanja lingachitire umboni mwini munda?"

A Mlongoti anatsokomola, ngakhale chifuwa analibe. A Vomerani anathamanga ndi foni yawo, imene tsiku limenelo inali yotchaja bwino, nkuonetsa Mfumukazi buku lomwelo, dzina la Velina Kalimbuka lili pamwamba pa tsamba lililonse. Mfumukazi sinayang'aneko nkomwe.

"Chotsani mphepo yanuyo. Lamulo likuti mphepo si umboni. Kapena lamulolo nalonso analemba ndi wina?"

Mfumu inasunthasuntha pamphasa paja. Inayang'ana nduna yake, nduna inayang'ana mango. Kenaka mfumu inakweza dzanja, ili chikhalire pamphasa pomwepo, nkulengeza kuti itaganizira mozama za ubwino wa anthu ake, yaona kuti buku la pafoni ndi buku.

A Vomerani sanataye nthawi. Ananena kuti unduna wawo unali utaona kale zimenezi. Buku la pafoni silidyedwa ndi chiswe, silinyowa denga likadontha, munthu akhoza kunyamula mabuku odzaza ngolo m'thumba la malaya, ndipo akulu a mpingo akamadutsa umangooneka ngati ukuwerenga uthenga wa maliro. Buku la pepala ndi lachikale, ndi chakudya cha mbewa, ndipo ngati mfumu ilola, mawa lomwe aliletsa.

"Musaliletse, a nduna," anatero Velina. "Magetsi a kuno mukuwadziwa. Anthu foni imawazimira Dafuleni atangofika pamlatho, ndiye amathamangira la pepala. Onsewa ndi ana anga, wina amayenda pansi, wina amakwera mphepo. Chimene ndikupempha nchakuti onse aziyenda ndi dzina la mayi wawo. Ndipo wofuna kusindikiza kapena kugawa, kaya ndi mlamu wa yani, aziyamba wagogoda pakhomo panga."

"Zonsezo zatheka," inafulumira kuyankha mfumu.

"Munenenso pawailesi," anawonjezera a Mlongoti. "Pomwe munalirira paja."

Mfumukazi inamuyang'anitsitsa Velina kwa kanthawi, kenaka inamufunsa mafunso angapo a m'bukumo, ndipo iye anayankha onse mpaka ndi zimene anazichotsa polemba. Itakhutira inauza wantchito kuti amasule katundu. Potsazikana inamukokera pambali nkumunong'oneza kuti, "Koma mayi, m'buku lachiwiri musamuvutitsenso mwana uja Ndaziona. Akwatirane basi."

Chilengezo chinamveka pawailesi masana omwewo. Mfumu inati mwa kuwolowa manja kwake yaganiza zopatsa wolemba aliyense dzina lake lomwe ngati mphatso, ndipo mphatso yoyamba ikupita kwa Mayi Velina Kalimbuka, amene analemba Undidikire pa Mlatho kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, makamaka za kuseri kwa khutu.

Velina anakana galimoto. Anafuna kubwerera wapansi, kudutsa mumsika wa Tsitsaniko, kuti amve dzina lake likutchulidwa. Ndipo analimvadi. Ogulitsa kaunjika anaimirira, amayi a ku saluni anatuluka ndi tsitsi lomanga theka, ndipo uja anamuuza kuti akawerenge kaye anabisala kuseri kwa chitseko. Mtima wa Velina unadzaza mpaka anaiwala kuti nsapato zikumuluma. Mayi Nasuluma anamuwonjezera tomato wa basera, kenaka anamuyandikira nkutsitsa mawu.

"Tanyadira, achemwali. Koma tiuzeni ife anzanu. A Zuze timawadziwa, njinga yamoto sanakwerepo, ngakhale yakapalasa amachita kuikankha. Ndevu alibe. Nanga Dafuleni ameneyu ndi wa kuti?"

"Ndinangomupeka, mayi."

"Eya, eya," anavomera Mayi Nasuluma akugwedeza mutu mwachifundo. "Munamupeka muli kuti?"

Velina anayang'ana uku ndi uku. Msika wonse unali ukumwetulira, ndipo anyamata a njinga zamoto pa siteji anali atayamba kale kupesa ndevu. Walira mvula walira matope. Ananyamula tomato wake nkuyenda mofulumirirapo.

Atakhota pa ngodya ya kwawo anazindikira kuti makina osokera sakumveka. Pakhonde panali poyalidwa mphasa. A Zuze anakhala kumapeto kwake, magalasi ali pamphuno, buku lili m'manja, chala chili pakati pa masamba. Maoda a mayunifolomu anali mulu pambali, osakhudzidwa. Pampando panali atsibweni ake a Velina, a Chimtali, amene anachita kuwatenga kumunda, matope akadali kumapazi.

Velina anaika tomato pansi, nagwada, napereka moni. A Chimtali anayankha moniwo mwachidule, kenaka analandira bukulo kwa a Zuze nkulikweza m'mwamba.

"Mwana wa mlongo wanga, amuna akowa ali ndi mafunso, ndipo ena ndi olemera. Koma tisanapite patali, tiyambe ndi loyamba, ndipo uyankhe mosaopa munthu. Buku ili, ndi zonse zili m'menemu, mwini wake ndiwe?"

Velina anayang'ana amuna ake, amene anali atafika kale kupitirira pakati pa bukulo, maso ali ofiira. Anadziwa kuti mlanduwu utenga tsiku lonse, mwinanso ndi mawa lomwe, ndipo kuti pamapeto pake adzayenera kulumbira kuti sanakwerepo njinga yamoto ya munthu. Koma chimwemwe chinamukulira, moti analephera kudziletsa kumwetulira. Anakonza chitenje chake nkukhala bwinobwino pamphasapo.

"Ndine, atsibweni," anatero. "Ndine ndemwe. Funsani onse."